Dikisoni, Bweza Ekiselo ya Dona

Dikisoni Njobvu wa ku Nyimba, uja amagulitsa nthochi pamseu waukulu, ndiye anapha Dona. Dzina ndalitchula dala kuti amene akumudziwa akamuuze, ndipo sindikunong'ona. Ine ndine Lazalo Sakala, makanika wa pa Petauke. Sukulu ndinalekela panjila, koma zimene ndinaona ndi maso anga sizifuna satifiketi. Dona si munthu, ndi motoka. Mukamva mmene anamuchitila, muweluze nokha ngati ndikulakwa kukwiya.

Ntchito iyi ndinaipeza nditakhala pansi. Nthawi imeneyo ndinali kumata machubu a njinga pafupi ndi msika wa pa Boma, ndili ndi pampu, guluu ndi beseni la madzi. Tsiku lina kunabwela motoka yakuda, yaitali mphuno, yonenepa kumbuyo, ndipo inazimila pamaso panga penipeni. Munatuluka mdala wovala tayi. Sanatukwane, sanaponde tayala ngati mmene ena amachitila. Anatsegula boneti n'kundikodola.

"Mnyamata, uli ndi sipanala? Gogoda apa. Pang'onopang'ono, ngati ukugogoda pakhomo pa apongozi ako."

Kanali kapampu ka petulo. Ndinagogoda, iwo anapotokola kiyi, kapampu kanayamba kulila kuti tiki tiki tiki, injini inadzuka. Mdala uja anandiyang'ana m'manja.

"Ena amamenya ngati akupha njoka. Ubwele kunyumba mailo kukacha."

Amenewo anali a Mumba, amene anapuma ntchito ya zamalimidwe pa Boma. Motokayo anaigula kalekale kwa mzungu amene anali kubwelela kwawo ku Mangalande, komwenso inapangidwa. Tauni yonse inali kuitchula kuti Dona chifukwa inali kuyenda monyada, yosafuna kuthamangitsidwa, ndipo ikakwiya inali kungoima osapeleka chifukwa. Mkati munali mipando ya chikumba chofiila, kutsogolo kwa dalaivala thabwa lenileni lopaka vanishi. Ukatseka chitseko chinali kumveka ngati watseka sefa ya kubanki.

A Mumba anandiphunzitsa zonse, kuyendetsa ndi kukonza komwe. Choyamba anandilanda masipanala anga. Mabauti a Dona ndi a mainchi, si a mamilimita ngati motoka za ku Japani, ndipo ukaikapo sipanala yolakwika umadya mutu wa bauti, bauti loti sungalipeze m'sitolo iliyonse kuno. Anandipatsa bokosi lawo lachitsulo, masipanala atagona pansalu ngati ana. Batile yake amamangila mosemphana ndi motoka zina, ukasokoneza mawaya umanunkhitsa utsi. Makabuleta, osakaniza petulo ndi mpweya, ndi awili, ndipo lililonse lili ndi kachivundikilo pamwamba pothila timafuta pang'ono. Kuti aziyendela pamodzi, umatenga kapaipi, mbali ina kukhutu, mbali ina pakamwa pa kabuleta, n'kumvetsela mpweya mpaka onse awili apume mofanana. Batile ikafooka, pali hendulo yolowetsa kutsogolo. Chala chachikulu suchizunguliza pahendulo, chifukwa ikabwezela imathyola dzanja. Ine inandiphonya, koma ndinaimva mphepo yake.

Masipeya kunalibe. Magasiketi ndinali kudula ndekha pa katoni yolimba, ndikugogoda ndi kahamala m'mphepete. Mapointi ndinali kupala ndi sandipepala mpaka atatsala ngati chikhadabo. Labala ya mabuleki tinaifuna mpaka ku Chipata, tinakaipeza pa thilakitala yakufa. Zaka zonsezo Dona sanagonepo panjila. Laisensi yake a Mumba anali kulipila isanathe, ngakhale chaka cha chilala, ndipo buku la motoka linali kukhala m'pulasitiki m'kabati ya kutsogolo. Anali kunena kuti motoka yopanda buku ili ngati munthu wopanda mudzi.

Ntchito yaikulu inali ya pa Sondo. Amai Mumba kwawo ndi ku Nyampande, ndipo sanafune kusiya tchalitchi chawo cha kumudzi. Ndiye pa Sondo lililonse ndinali kupukuta Dona mpaka ndidzione nkhope pachitseko, amai n'kukhala kumbuyo kumanzele, chikwama pamiyendo. Anali ndi mawu amodzi okhaokha, ngakhale titanyamuka tambala atangolila.

"Tiyeni a Sakala, tachedwa."

A Mumba anali kuseka. "Mayi uyu ananena za kuchedwa zomwezi tsiku la ukwati wathu, m'motoka yomweyi, pampando womwewo."

Mdala atadwala matenda awo omaliza, anandiitana pakhonde. Anali ataonda, tayi itasiya kuwakhala. Anandiuza kuti, "Sakala, ine ulendo wayandikila. Amai ako asadzayende pansi kupita kutchalitchi. Dona ndi wawo, iwe ndiwe miyendo yake." Ndinavomela. Ananena pakamwa chabe, chifukwa anali kuganiza kuti abale awo ndi anthu.

Manje tifike pa tsiku limene ndimafuna kukuuzani.

Tinaika malilo, ndipo m'mawa mwake banja linakhala pansi pa mtengo wa mango kugawa katundu wa malemu. Kwathu kuno mukudziwa mmene zimakhalila. Amene amalimba mawu ndi a kuchikazi kwa mwamuna, ana a alongo ake. Dikisoni ndi mwana wa mlongo wawo wa a Mumba. Pa moyo wa amalume ake anali kubwela pokhapokha akafuna feteleza. Tsiku limenelo anakhala pampando wa malemu, mwendo pamwamba pa unzake. Amai anali pamphasa kumbali, chitenje kumutu, osaloledwa kuyankhula monga mwa mwambo wa namfedwa. Mwana wawo mmodzi yekha, Tisa, amene ndi nasi ku Lusaka, anakhala pafupi nawo.

Majekete anagawana bwino. Nsapato, wailesi, njinga, mipando, zonse zinapita popanda phokoso. Pofika pa Dona mpamene panavuta. Dikisoni anaifuna, abale ake awili anaifunanso, ndipo pa atatu onsewo panalibe ngakhale mmodzi wodziwa kumene kuli giya ya livesi. Anakangana mpaka dzuwa linafika pamutu. Tisa anaimilila n'kunena kuti atate ake anasiyila amai motokayo.

"Khala pansi, mlongo," anatelo Dikisoni. "Iwe kwanu ndi ku Nyampande. Pano tikukamba za kwathu."

Kenaka anaseka, n'kutembenukila kwa akuluakulu.

"Ng'ombe ya pamalilo sadya munthu mmodzi. Uyu mwendo, uyu nthiti, uyu mutu, aliyense apite ndi chokumbukila amalume. Nanga motoka ilibe miyendo inayi?"

Anthu anaseka. Akuluakulu anali atatopa, njala itawagwila, ndipo anaona kuti imeneyo ndiyo njila yoti pasakhale wodandaula. Anagwedeza mitu. Ine ndinaganiza kuti ndi nthabwala, mpaka pamene ndinaona munthu akutsitsa mabotolo a gasi pa kavani kamene Dikisoni anabwela nako. Anali atabwela ndi wowotchelela zitsulo kuchokela ku Nyimba. Pamalilo a amalume ake, munthu anabwela ndi moto wodulila. Ndiye musandiuze kuti nzelu ya ng'ombe ija inamubwelela pansi pa mango.

Ndinalowa pakati pa bwalo. Ndinanena zimene a Mumba anandiuza pakhonde, mawu ndi mawu.

"A makanika," anatelo Dikisoni, "kodi inu ndinu mwana wa ndani pabanja pano? Wantchito amadikila kuuzidwa. Kapena munali kuifuna ndinu?"

M'dzanja ndinali ndi wilusipanala, ndipo Mulungu yekha ndiye adziwa chimene chinagwila dzanja limenelo. Wowotchelela uja anali atayatsa kale moto wake, ukulila kuti fuuu, akuyang'ana poyambila. Anali kuloza pakati penipeni, kuseli kwa mipando ya kutsogolo. Ndinayang'ana kwa amai. Anatukula chitenje pang'ono n'kundiyang'ana.

Pamenepo ndinaganiza chinthu chimodzi. Chodulidwa ndi moto sichibwelela. Chomasulidwa ndi sipanala chimabwelela.

"Zimitsa moto wako," ndinamuuza wowotchelela. "Ngati ndi kugawana, ndimasula ndekha. Aliyense atenga chiwalo chake chili chamoyo."

Dikisoni anakondwa, chifukwa gasi ndi wodula. "Mwaona, wantchito wabwino ndi ameneyu."

Sindinagwilepo ntchito yowawa ngati imeneyo. Ndinayamba ndi kuchotsa batile. Ndinakhetsa oilo m'beseni, madzi a mu ledieta ndinathila pansi. Boneti ndinachotsa ndi mahinji ake. Tinaimika mitengo itatu ya mupani, ndinakolekapo tcheni buloko, ndipo injini imene ndinali kuimvetsela ndi kapaipi kukhutu inatuluka ikulendewela ngati mbuzi yosendedwa. Paipi iliyonse ndinaitseka ndi kansanza. Paliponse pamene chitsulo chinatsala pamtunda ndinapakapo gilisi. M'mabowo a mapulagi ndinathilamo oilo kuti mkati musachite dzimbili. Anthu anali kuganiza kuti ndikuchedwetsa dala.

"Fulumilani a makanika, simukusambitsa mtembo," anatelo Dikisoni, akudya nyama ya pamalilo.

Ndinapitiliza kupaka gilisi. Ndinali kusambitsa mtembo, inde.

Zitseko zinapita. Mipando inapita. Magalasi a nyali ana anali kulimbilana. Pomaliza ndinakwezela kumbuyo pa jeke, ndinaika njelwa, ndinamasula mabauti a shafuti yopeleka mphamvu ya injini ku mawilo a kumbuyo, paipi ya mabuleki, ndi zomangila masipuling'i. Ekiselo ya kumbuyo, chitsulo chija chimagwila mawilo awili ndi difu, chimutu cha magiya, pakati, inatuluka yathunthu. Imeneyo ndiyo Dikisoni anali kuifuna kuyambila pachiyambi, kuti akapangile ngolo ya ng'ombe yonyamulila nthochi. Anatenganso nambala puleti, ati ikakongoletse ngoloyo, ndipo anatsegula kabati n'kutenga buku la motoka, ati mwini weniweni ndi iye.

Mabauti palibe anawafuna. Ndinawatola onse, ndi mawashala omwe, m'zitini za mafuta ophikila. Chigoba chopanda mawilo nachonso palibe anachifuna. Nyumba ya pa Boma abale a malemu anaitenga, amai anabwelela kwawo ku Nyampande, ndipo ine ndinapempha dalaivala wa lole ya thonje kuti anyamule chigobacho. Tinakachitsitsa kuseli kwa nyumba ya amai, pa njelwa, ndinachimangila kashedi ka udzu.

Kuchokela pamenepo ndakhala ndikutola Dona ngati munthu wotola chimanga chotayika pamseu. Amene anatenga injini anafuna kuyendetsela chigayo. Injini ya petulo pa chigayo, mutu wake unali bwanji? Inamudyela petulo sabata imodzi, anaitaya pansi pa mtengo, nkhuku n'kumaikila mazila pamenepo. Ndinamukonzela pampu ya kudimba, anandipatsa. Mpando wa kumbuyo ndinaupeza m'babashopu pamsika, anyamata akukhalila podikila kumetedwa. Ndinawakhomela benchi, ndinawakonzela jeneleta, ndinausenza pamutu mpaka kusiteshoni. Zitseko ziwili zinali pa khola la nkhumba. Boneti anali kukokela manyowa ndi ng'ombe, ndinaiwongola ndi hamala ndi thabwa mwezi wathunthu. Ena anandinyoza, ena anandiseka, koma onse anabweza. Ngakhale uja wa nkhumba anati, "Tengani a Sakala, amalume amandibwelela kutulo."

Mkazi wanga anafika pondifunsa ngati ndinakwatila iye kapena chigoba. Sindinamutsutse. Masiku amene anzanga anali kupanga ndalama pa maminibasi, ine ndinali pansi pa shedi ya udzu ku Nyampande ndikupala dzimbili.

Chaka chatha injini inalila. Ndinagogoda kapampu kaja pang'onopang'ono, tiki tiki tiki, ndinapukusa hendulo, Dona anatsokomola kawili n'kudzuka. Amai anatuluka m'nyumba ndi ndodo yawo. Maso awo anachita khungu tsopano, koma makutu ali bwino. Anaima pakhomo n'kunena kuti, "Abwela."

Chatsala ndi ekiselo, buku ndi nambala puleti. Musandiuze kuti ikapo ya motoka ina, ndinayesa. Ya vani ndi yaitali, mawilo amatulukila kunja kwa bodi. Ya kamotoka kakang'ono mabowo a mabauti sakumana, shafuti sifika. Kuti ilowe ndiyenela kudula ndi kuwotchelela, ndipo ine Dona sindimudula. Ndinakana tsiku lija pamaso pa banja lonse, sindingavomele lelo ndili ndekha.

Kwa Dikisoni ndinapita koyamba ndi ekiselo ina yabwinobwino ya vani, yoti ngolo yake inyamule nthochi zambili kuposa kale. Ndinati ndimumangila ndekha, iye angondipatsa yakaleyo. Anali pafupi kuvomela. Anati ndibwele pakutha pa mwezi, ng'ombe zikapuma.

Pakati pamenepo Tisa anabwela kudzaona amai ake, ndipo anandionetsa chinthu pafoni. Ati ku Mangalande kuli anthu amene ntchito yawo ndi kuwelenga motoka zakale. Chaka ndi chaka amaona kuti za mtundu wakutiwakuti zimene zili ndi laisensi ndipo zikuyenda pamseu zatsala zingati, zimene zangoimikidwa m'magalaji ndi zingati. Anapeza mtundu wa Dona. Panali kamzele kotsika ngati njila ya kuchigwa, chaka chilichonse kutsikilatsikila, ndipo kumapeto kwake kunali kutatsala pang'ono kugunda pansi. Kwawo komwe, kumene anazipanga, zatsala zochepa zoti eni ake amadziwana maina.

Ndinamufunsa kuti, "Nanga Dona alipo pamenepo?"

"Iyayi a Sakala, amawelenga za kwawo chabe. Ndiponso amawelenga yokhala ndi mapepala. Yopanda mapepala ndi yakufa."

Zinandiwawa. Motoka imene yapilila fumbi la Petauke zaka zonsezi, imene zinzake zinafela m'magalaji ofunda, ikuwelengedwa ngati yakufa chifukwa buku lake lili kwa wogulitsa nthochi. Tisa anati tipite tonse ku Nyimba tikamuonetse msuweni wakeyo, mwina akaona kuti chinthuchi n'chosowa adzachita manyazi.

Tinamupeza pamseu, mabasi a ku Lusaka ataima, azimai akuthamanga ndi mabeseni a nthochi kumawindo. Tisa anamupatsa foni. Dikisoni anayang'ana kamzele kaja nthawi yaitali, akutsetseleza chala. Ndinaona nkhope yake ikusintha, koma sanali manyazi.

"Ndiye kuti azungu akuzifuna," anatelo.

"Palibe mzungu akufuna kanthu," anatelo Tisa. "Tikufuna amai akwele kupita kutchalitchi."

"Mlongo, mzungu sawelenga chinthu chopanda phindu. Munaona mzungu akuwelenga mbewa? A makanika, mwakhala mukuzungulila banja lonse zaka zonsezi, kani mukudziwa kuti ndagonela chuma."

Ndinamuuza kuti ekiselo payokha ndi chitsulo chabe, sikilapu, ndipo Dona popanda ekiselo ndi khola la nkhuku. Ziwilizi zimafunana. Anaseka.

"Ndiye bweletsani zinazo kuno. Buku lili ndi ine."

Tsiku lomwelo anamasula ekiselo pangolo. Anaikulunga m'masaka, anailowetsa kuchipinda chake chogona, pansi pa bedi, pamodzi ndi nambala puleti. Mkazi wake anauza mkazi wanga kuti bedi linachita kukwezedwa pa njelwa kuti difu ikwane, ndipo m'nyumba monse mukununkha oilo. Ngolo ili gone pabwalo yopanda mawilo. Nthochi akulipila anyamata a njinga kuti azimunyamulila. Akudikila mzungu. Basi iliyonse ikaima pa Nyimba, iye maso ali pa mawindo.

Amai akutha. Miyendo inatupa, kutchalitchi anasiya kupita chifukwa sangayende, ndipo njinga yamoto sangakwele. Tisa anafuna kuwalipilila takisi, anakana. Ati a Mumba sanawasiyile takisi. Ndiye pa Sondo lililonse ndimapita ku Nyampande. Ndimapukuta Dona mpaka ndidzione nkhope pachitseko. Amai amavala chitenje cha chigwilizano, ndimawagwila dzanja, amakhala kumbuyo kumanzele, chikwama pamiyendo. Ndimaliza injini. Motoka imanjenjemela pa njelwa zake, kutsogolo mawilo, kumbuyo mphepo. Timakhala choncho mpaka belu la kutchalitchi litasiya kulila, ndiye ndimazimitsa.

Sondo lapitali sanatsike msanga. Anasisita chikumba cha mpando n'kunena motsitsa mawu kuti, "Tiyeni a Sakala, tachedwa."

Ndinagwila chiwongolelo, ndinaponda kilachi, ndinalowetsa giya. Shafuti inazungulila m'mwamba yopanda chogwila. Sindinathe kutembenuka kuti ndiwayang'ane.

Anyamata amene amabwela kudzaphunzila ntchito pagalaji panga ndimawauza chinthu chimodzi chimene ndinatola pa zonsezi. Usadule chimene ungathe kumasula, ndipo bauti usataye ngakhale eni ake akuseka. Zitini zija zikanapanda kukhalapo, lelo sindikanakhala ndi chokwiyila, kukanangotsala nkhani.

Koma phunzilo silinyamula munthu kupita kutchalitchi. Dikisoni, ndikudziwa kuti wina akukuwelengela zimenezi, ndiye tchela khutu. Mzungu sabwela. Amene akudikila ndi mkazi wa amalume ako, amene anakuphikila uli mwana, ndipo alibe masiku ambili odikila. Ekiselo ya vani ija ikadali pagalaji panga, ndidzakumangila pangolo ndi manja anga, sindifuna ngakhale nthochi imodzi. Tulutsa chitsulo chimenecho pansi pa bedi. Ikapo buku ndi nambala puleti, ukweze pa basi ya ku Chipata, uwauze atsitse pa Petauke kwa Sakala makanika. Mabauti ake ndili nawo, ndawapaka kale gilisi. Bweza amai akali moyo. Ukadzabweletsa pamalilo awo, usadzayandikile pamene ine ndaima.